Mlonda wa Nkhokwe Yanga Wadwala Chifuwa

Lolemba

Mlonda akudwala. Ndikulemba pang'onopang'ono, poti cholembera ndinachidziwira kuukalamba, kusukulu ya kwacha.

Mlonda ndi njoka yanga, chakusa, yopanda ululu. Chino ndi chaka chachitatu akukhala m'nkhokwe mwanga kuno ku Nathenje, ndipo khoswe sanalumepo chimanga changa. Anthu amati ndili ndi mwayi. Ine ndimangoti zikomo.

Lero ndamupeza pansi pa nkhokwe, kukamwa yasa, thovu pamphuno. Akamapuma kukumveka kalikhweru. Ndi kuzizira kwa Juni kumeneku.

Zochita sabata ino:
Kumuchiza Lamulungu lisanafike.
Munthu asadziwe.
Makamaka alamu anga a Nachisale asadziwe. Diso lawo limadutsa mpanda waudzu ngati mphepo.

Lachiwiri

Chimfine ndi chimfine basi. Malemu mkazi wanga ankandifukiza ndi masamba a bulugama, a ndimu ndi a gwafa, ndipo ndinkachira. Ndawiritsa zomwezo mumphika. Mlonda m'dengu, mphika pakati, tonse awiri m'bulangete.

Ine thukuta kamukamu. Mphuno zanga zatseguka bwinobwino, chonsecho sindikudwala. Zake ayi. Wathawa nthunzi n'kulowa m'malaya mwanga, ine n'kumamunyengerera kuti apirire.

A Nachisale ali kuseri kwa mpanda: "Alamu, m'bulangetemo mukucheza ndi yani?"

Ndati ndikupemphera. Taonani, ndanamizira Mulungu chifukwa cha njoka.

Lachitatu

Ulendo wa ku Mitundu, kwa alangizi a ziweto. Mlonda ali m'ndowa, chivindikiro ndaboola ndi msomali. Wakabaza akufunsa kuti chikulira kumbuyoko n'chiyani. Ndati anapiye. Bodza lachiwiri.

Alangizi ndi munthu waulemu. Andipatsa mpando, andifunsa za kumudzi. Nditavundukula ndowa, nkhani yotsala tamalizira iwo ali panja, akuyankhulira pawindo.

"Agogo, ine ndinaphunzira mbuzi, ng'ombe ndi nkhuku."

Akuti chingakhale chifuwa. Akuti jekeseni wa njoka alibe, odziwa zimenezo ali m'tauni. Akuti ndisamufukizenso, ndingamuphe. Akhale pouma, pofunda, aziothera dzuwa.

Fumbi lonselo, msana wonsewu, kuti akandiuze za dzuwa lomwe ndalisiya kwathu!

Lachinayi

Dzuwa latuluka. M'ndowa ndi mozizira. Pansi nkhuku zimujompha. Ndiye ndatenga lichero la malemu, ndayalamo duku wawo wofiira uja kuti pafewe, ndagonekamo Mlonda, ndakweza padenga la khitchini pomwe dzuwa limafika msanga.

Sindinaganize. Munthu wa imvi ngati ine, wobadwira mommuno, wokula ndikumva kuti mfiti zimauluka pa lichero. Njoka. Nsalu yofiira. Lichero. Padenga!

A Nachisale alowa kudzabwereka musi. Sanakuwe. Ayang'ana padenga, ayang'ana ine, ayang'ananso padenga.

"Kani alamu, ndege yanuyi imatera ndi masana omwe?"

Atuluka chambuyo. Musi ausiya.

Koma Mlonda wakondwa nalo dzuwalo. Watambasuka, watseka pakamwa kanthawi. Mankhwala oyamba kugwira ntchito ndi omwe andiphetsa.

Lachisanu

Mudzi wonse wamva. Zomwe ndachita ine, malinga ndi amayi a pamjigo:
Chimanga cha anthu chimasamukira m'nkhokwe mwanga, n'chifukwa chake sichitha.
Mbuzi ya a Nachisale yomwe inafa chaka chatha itadya pulasitiki, ndine.
Mvula yomwe inadula chimanga chili m'mawondo, ndine.
Ku Joni ndimapita ndi kubwera tsiku lomwelo.

Ine amene ku Mitundu komweku ndabwerako msana uli wothyoka!

Nditafika pamjigo onse achotsa ndowa zawo kuti nditunge ndekha. Zaka zonsezi ndimaima pamzere osandimvera chisoni. Ulemu wabwera lero.

Mlonda ndamubisa m'nyumba. M'nyumba mulibe dzuwa. Ndamupatsa kambewa, wakana. Likhweru lakula.

Loweruka

Abwera a Kamwendo, mkulu wa mpingo, ndi anzawo awiri. Mpando akana. Madzi akana. Aima kunja kwa mpanda ngati pano pali maliro a kolera.

"Achimwene, musankhe chimodzi. Njoka kapena Mgonero."

Ndawafotokozera zonse mwadongosolo: makoswe, kuzizira, bulugama, alangizi, dzuwa. Amvetsera mpaka kumapeto. Kenaka afunsa funso limodzi lokha, lakuti ngati ndi dzuwa, nanga bwanji lichero? Beseni linalibe dzuwa kodi?

Beseni ndili nalo.

Ndamunyamula Mlonda m'ndowa mpaka kudambo, iwo akunditsatira chapatali kuti aone ndi maso. Ndamuika pamwala wofunda pafupi ndi chulu. Sanathawe. Wangodzutsa mutu, kukamwa yasa, kundiyang'ana. Zaka zitatu za ulonda, wosapemphapo kanthu, ndamuchotsa ntchito ali wodwala.

Lichero la mkazi wanga aliwotcha. Duku yemwe.

Lamulungu

Kutchalitchi benchi yonse yanga. Kumanzere malo, kumanja malo. Ndinasankha Mgonero, koma potuluka palibe wandipatsa dzanja. A Kamwendo andipatsa moni ndi chibwano.

Pobwerera ndadzera kudambo. Pamwala palibe kanthu. Kaya walowa m'chulu, kaya kabawi wamutola. Ndaitana kawiri, ndasiya, poopa kuti wina angandimve.

M'nkhokwe makoswe ayamba kale. Masanasana, opanda manyazi, akuchita kuthamangitsana. A Nachisale akuti nakonso kwawo achuluka, ndipo akuti ndawatumiza ndine.

Tsopano pachifuwa panga payamba kalikhweru. Bulugama alipo. Mphika ulipo. Bulangete lilipo. Wolowa naye m'bulangetemo ndiye palibe.