Kompyuta ya kalabu yathu ndi mpando wanga

Analipo tsikulo ndi awa, kuti wina asadzati ndikunama: mayi Nabanda osunga makiyi a ofesi, a Chimkwita omwe ankausirira mpando wanga kuyambira kale, alimi a kalabu yathu ya fodya ya ku Mitundu atadzaza mpaka pakhonde, mwana wanga Tiyese wokonza mafoni pa Nathenje, ndi ine. Ndinalowa ndili wapampando. Potuluka, eee, tingoti ndinatuluka.

Nkhani yake inali kompyuta ya mu ofesi. Inali itakalamba moti ukaiyatsa unkatha kupita kumsika n'kubwerako isanaphethire. Pamsonkhano wina a Chimkwita anaimirira n'kunena kuti, "Zinthu zakalezi tizichotse, zangotsala kutsokomola." Chala chinaloza kompyuta koma maso ali pa ine (sukulu sindinapite nayo patali, koma maso a munthu ndimawerenga). Ndinamenya tebulo: "Tsiku la chisankho idzathamanga imeneyi. Ikakanika, mpando mudzatenge!" Anandimva mpaka kuchigayo. Ine sindifuna chimkuzamawu.

M'mawa wa chisankho Tiyese anafika ndi timafulashi tiwiri. Anati muli Linakisi, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, yaulere, yomwe anthu amapanga mothandizana ngati dima, ndipo aliyense amaloledwa kuikonza.

"Bambo, ilipo mitundu iwiri. Uwu ndi wopepuka, woyenera makina okalamba. Uwu ndi wolemera, wokongola, koma..."

"Koma chiyani? Ika wolemerawo."

"Mphamvu zake n'zochepa kompyutayi, bambo."

"Iwe! Ndinayamba kugula ng'ombe pamsika wa Mitundu usanabadwe. Unaonapo munthu akusankha yopepuka kuti ikakoke ngolo? Umagwira linunda, umayang'ana chifuwa, umatenga yolemera!"

Alimi anawomba m'manja. Mwana wamakhalidwe satsutsa bambo ake pagulu, ndiye Tiyese anangoyang'ana kudenga n'kubaya kafulashi. (Ndinamulera bwino, mwinanso mopyola.)

Tinadikira mpaka ena anapita kukagula chinangwa n'kubwerako. Kenaka galasi linawala, mitundu ngati chitenje chosachapapo. Ndinatembenuka pang'onopang'ono. "A Chimkwita, magalasi anu mwabwera nawo?"

Ndinamukankha Tiyese n'kugwira mausi ndekha. Kamuvi ka pagalasi osasuntha. Ndinakoka mpaka kumapeto kwa tebulo, osasuntha. Nditasiya n'kupinda manja, ndi pomwe kananyamuka kokha. M'kati mwa bokosi la kompyutayo munayamba kulira ngati minibasi yodzaza matumba pachitunda.

"Ikutenthetsa thupi," ndinawauza anthu. "Tiyese, tsegula chithunzi changa chija ndili m'chigafa."

Chithunzi chinayamba kutsika kuchokera pamwamba. Denga la chigafa. Chipewa changa. Mphumi. Basi, chinaima pomwepo.

"Apampando," anatero a Chimkwita, mawu ozizira bwino, "nkhope yotsalayo tiyembekezere fodya wa chaka chamawa?"

Pakhonde anaseka mpaka wina kugwa pabenchi. Ng'ombe ikaima pakati pa msewu sumaipempha, ndiye ndinaliwomba khofi bokosilo m'nthiti: "Haa! Tiye!"

Galasi linada bii.

"Tiyambe ndi pemphero kapena nyimbo ya maliro?" anafunsa mayi Nabanda.

Chisankho sichinachedwe. Manja osankha a Chimkwita anakwera ngati chimanga cha feteleza, ngakhale a anthu omwe ndinawaimirapo unkhoswe. Langa lokha ndi lomwe linatsala m'thumba.

Anthu atabalalika, Tiyese anaika wopepuka uja. Kompyuta inadzuka n'kumathamanga ngati mwana wa mbuzi, popanda mboni ndi mmodzi yemwe. Lero a Chimkwita amakhala patsogolo pake n'kumauza alendo kuti inachira mu ulamuliro wawo. Ine mpaka pano ndimati magetsi a tsikulo anali ofooka, ndipo wotsutsa abwere kwathu adzanene pamaso panga.

Ndinamuperekeza Tiyese kokwerera galimoto. Ataponda kale pachitseko, anatembenuka n'kuvula chipewa.

"Bambo, ng'ombe mumadziwadi kusankha. Koma ng'ombe inali kompyutayo. Chomwe munasankha chija ndi katundu wa m'ngolo."