Firiji ya a Vitus Sinafe

A Vitus Nyasulu ankayamba kupatsa moni firiji, eni nyumba pambuyo. Funsani Mmalawi aliyense amene anakhalako ku Nairobi zaka za m'ma 1990, akuuzani. Mukawatsegulira chitseko, inu mwatambasula kale dzanja, iwo ankangokudutsani, ulendo wa kukhitchini, n'kukagunditsa khutu pafiriji. Nyumba yonse zii. Akamva zimene ankafuna kumva, m'pamene ankatembenuka.

"Mwaswera bwanji kuno? Koma iyi mukuizunza."

Musaganize kuti anali mmisiri wa mafiriji, amene anthu a ku Kenya amati fundi. Ayi ndithu. Ntchito yawo inali yosunga katundu kubungwe lina la mayiko ambiri. Za mafirijizi anangoziyamba okha, ngati mmene ena amayambira mowa, ndipo wowaletsa sanapezeke. Amene ankafa ndi manyazi anali akazi awo, a Esnat, mayi wofatsa wa m'kwaya ya kutchalitchi, amene paulendo uliwonse ankayamba kuwachonderera ali m'matatu, minibasi ya ku Kenya.

"Bambo a Joanna, lero lokha, chonde, mukakhale pampando ngati anzanu."

"Ndikakhala," ankayankha choncho a Vitus. Ndipo sankakhala.

Tsiku lina a Arthur, Mmalawi mnzawo wa udindo waukulu amene ankakhala m'nyumba zosanjikizana za ku Kilimani, anaitana anthu kudzadya chambo chimene chinabwera pandege kuchokera kumudzi. Alendo ali pabalaza ndi masuti awo, kukhitchini kunamveka khwee! A Esnat anangotseka maso. Amuna awo anali atakoka firiji ya eni ake kuichotsa kukhoma, jekete atavula, akuitanitsa tsache.

"A Arthur, tabwerani muone manyazi anu. Mapaipi akumbuyowa ndi amene amatulutsa kutentha. Inu mwawaveka bulangete la fumbi, kenako mwaikanikiza kukhoma. Ipumire kuti?"

Anatenga kapepala, n'kukapanitsa pachitseko, n'kukoka. Kapepala kanatuluka mosavuta.

"Mwaona? Labala wa pachitseko watha, kuzizira konse kukuthawira apa. Nanga mphika wa nyemba zotenthawu waulowetsa ndani? Mumafuna ife?"

A Arthur anaseka chiseko cha anthu olemera. "Achimwene, ikafa ndigula ina. Kuno ndi ku Nairobi."

"Firiji simafa yokha," anatero a Vitus, tsache lili m'manja. "Imachita kuphedwa."

Udani wawo unayambira pamenepo, ndipo unali udani wokoma, wa anthu amene sankatha sabata osaonana. A Arthur ankasintha firiji zaka zitatu zilizonse. A Vitus anali ndi imodzi yomweyo, kunyumba kwawo ku Rongai, ndipo a Arthur analumbira pamaso pa anthu kuti tsiku limene idzafe adzabwera okha kudzainyamula kukataya.

Firiji imeneyo, abale inu! Inachoka ku Zomba mu 1991 pamwamba pa lole, itakulungidwa m'matiresi, n'kudutsa Tanzania yense. Inali yoyera kalekale, koma pofika nthawi imeneyi inali ngati dzino la munthu wosuta fodya. Chogwirira chake chinali cha kabati. Ikayamba kulira, makapu m'khitchini ankavina, mpaka mayi wina woyandikana nawo anabwera ndi chimanga m'ndowa kudzafunsa ngati Amalawiwa atsegula chigayo.

Loweruka lililonse m'mawa a Vitus ankaizimitsa, kutulutsa zonse, n'kuika mabeseni a madzi ofunda m'kati kuti ayisi asungunuke yekha. Mpeni ayi. A Esnat anayesapo kamodzi kugoba ayisi ndi mpeni kuti ntchito ifulumire. Amuna awo atawapeza anakuwa ngati aona njoka pakhosi pa mwana.

"Mayi a Joanna! Mukabowola paipi, gasi yense atuluka! Bwanji osangondibaya ineyo?"

Kuyambira pamenepo, Loweruka likafika, mipeni yonse ya m'nyumba inkagona m'thumba la jekete lawo. A Esnat ankadula anyezi ndi lezala.

Mu 2000, chaka chimene magetsi ankazimazima chifukwa cha chilala, firiji ija inangoti thi, thi, n'kukhala chete. A Vitus ali kuntchito, a Esnat anaitana fundi mobisa, mumtima akuti Mulungu wamva mapemphero awo. Mwatsoka mwini wake anabwera msanga, n'kupeza mlendo atagwada kumbuyo kwa firiji.

"Mzee, hii imekufa," anatero fundi uja, kutanthauza kuti yafa.

"Wafa ndi iweyo!" anayankha a Vitus m'Chichewa, ndipo fundi anamva bwinobwino popanda womasulira.

A Vitus anagwada okha, n'kuchotsa kachipangizo kakang'ono koyambitsira injini. Atakagwedeza pafupi ndi khutu kanalira ngati kabokosi ka machesi. Anakwera matatu mpaka m'tauni, anazungulira mashopu a zinthu zakale tsiku lonse, n'kubwera ndi kena. Madzulo asanafike, chigayo chinali chitayambiranso. Anaimbira foni a Arthur, osanena ngakhale moni, n'kugunditsa foniyo pafiriji mphindi ziwiri zathunthu, kenako n'kudula.

Zonsezi a Esnat ankazipirira, chifukwa choipa kwambiri chimene chikanachitika n'kuwola kwa nyama. Koma mu 2004 a Esnatwo anapezeka ndi matenda a shuga, ndipo dokotala ananenetsa kuti timabotolo ta mankhwala obaya tizikhala pozizira nthawi zonse. Mwana wawo Joanna, amene anali atayamba ntchito ya unamwino, sanafunse munthu. Anangotumiza firiji yatsopano pagalimoto.

A Vitus anaizungulira kawiri, manja kumbuyo.

"M'nyumba muno mulibe maliro a firiji," anatero. "Mlendoyu adikire."

Inadikiradi miyezi isanu, ili m'katoni yake pakona ya chipinda chogona, pamwamba pake ataunjikapo masutikesi. Koma yakale ija inali itatopa. Inkalira osapuma, koma majarini ankasungunuka. A Vitus anasintha labala. Anasesa mapaipi mpaka kuwala. Anathiritsa gasi kawiri. A Esnat akadandaula, iwo ankati vuto ndi anthu otsegulatsegula chitseko ngati akuyang'ana nkhope zawo pagalasi.

Tsiku lina masana a Esnat anatsegula kuti atenge mankhwala, n'kupeza kabotolo kali kofunda ngati kanali m'thumba la munthu. Anachita mantha, kenako mkwiyo umene anausunga zaka khumi ndi zitatu unakwera wonse. Sanakuwe. Anapita pakhonde pamene amuna awo ankawerenga nyuzi, n'kuwaika kabotoloko m'dzanja.

"Bambo a Joanna, gwirani. Ine ndapirira chigayo, ndapirira lezala, ndapirira manyazi m'nyumba za eni. Koma kufa chifukwa cha makani anu, ndakana. Sankhani lero amene mukufuna akhale m'nyumba muno."

A Vitus anafumbata kabotolo kaja nthawi yaitali. Anadzuka, n'kukatsitsa masutikesi, n'kung'amba katoni. Atalumikiza firiji yatsopano kumagetsi, anavala jekete n'kukwera matatu kukatenga mankhwala ena. Pobwera anawaika okha m'firijimo, n'kukhala pabedi akuiyang'ana ngati wakuba.

"Ndikungoiyesa," anatero. "Ndipo ikhala kuchipinda konkuno. Arthur asamve."

Patangotha sabata, injini ya yakale ija inapsa. Mukuganiza kuti anavomera? A Vitus? Anailumikiza mwanzeru zawo kuti getsi la m'kati liziyakabe, n'kumangirira kafeni kakale kumbuyo kuti phokoso lisathe. Alendo akati akubwera, ankatenga mabotolo a madzi ndi a zakumwa ozizira bwino kuchipinda, n'kuthamanga nawo kukawandandalika m'firiji yakufayo. A Arthur akafika, ankawatengera kukhitchini mwaulemu wonse.

"Tsegulani nokha, achimwene. Zanu zija mwasintha kangati chaka chino?"

A Arthur ankamwa, mano n'kuchita dzanzi, n'kupukusa mutu.

"Ine bodza limeneli sindilowamo," ankanong'ona a Esnat alendo akapita. "Ndine wa kwaya ine."

"Bodza lake liti? Madziwo sanali ozizira?"

Anakhala choncho pafupifupi zaka zinayi. Mu February 2008 a Vitus anagwa pochokera kutchalitchi chifukwa cha vuto la mtima, ndipo pofika kuchipatala anali atapita. Amalawi a mu Nairobi monse anasonkhana ku Rongai kudikira tsiku lotumiza thupi kumudzi. Dzuwa linali loswa mtengo. A Esnat anali pamphasa pakati pa amayi, mutu uli pansi, nyimbo zikuimbidwa, pamene anamva mawu a a Arthur panja akupepesa abambo.

Pomwepo a Esnat anakumbukira. M'firiji ya kukhitchini munalibe kanthu, munali mofunda ngati m'kabati. Munthu uja akatsegula, amuna awo agonja ali m'bokosi, osatha kuyankha.

Namfedwa sadzuka pamphasa popanda chifukwa, koma a Esnat anadzuka. Amayi anayesa kuwagwira, iwo anati akukamwa mankhwala. Analowa kuchipinda, anakulunga mabotolo asanu ndi limodzi m'chitenje chimene anavala, n'kudutsa nawo m'kanjira ka kukhitchini akulira, mabotolo akugundana pamimba. Anangomaliza kuwandandalika n'kutseka chitseko, a Arthur n'kulowa.

"Pepani mayi," anatero a Arthur. "Ndati ndiione kaye."

Anatsegula. Getsi linayaka, kafeni kakulira kumbuyo. Anatenga botolo limodzi, lozizira bwino. Kenako anagunditsa chikhatho pakhoma la m'kati mwa firijimo, n'kuchisiya pomwepo. Anayang'ana chitenje cha a Esnat, chonyowa kutsogolo konse. A Esnat nawo anawayang'ana m'maso, osaphethira, chibwano chili m'mwamba.

"Ikugwira ntchito," anatero a Esnat.

A Arthur anapukuta misozi ndi dzanja la malaya. Anatuluka ndi botolo lija mpaka pakhonde pamene panadzaza anthu, n'kulikweza m'mwamba.

"Abale, firiji ya a Vitus ikugwirabe ntchito! Munthu uja wandigonjetsa. Amene akutsutsa abwere akhudze botolo ili!"

Anthu anaseka pamaliro, ena akulira nthawi yomweyo, ndipo botolo linayenda dzanja ndi dzanja mpaka kugeti.

A Esnat atabwerako koika maliro anakhalabe ku Rongai. Amalawi amasonkhanabe, chambo chimabwerabe pandege, koma maphwando ake amatha msanga, aliyense atakhala bwinobwino pampando wake. Joanna akawafunsa amayi ake ngati akusowa kanthu, iwo amati mankhwala alipo, chakudya chilipo, anthu amabwera kudzawaona. Chimene chimawapweteka n'chakuti masiku ano chilichonse chimene anganene, aliyense amangoti, "Zoona mayi." M'nyumba monse mulibenso munthu wowatsutsa.