Yureniyamu wa Amjomba

Chimbudzi cha kwathu ku Katuli n'chakuya kuposa zonse m'mudzi, ndipo amene anakumba ndine. Osati mwakufuna kwanga ayi.

Aphunzitsi a jogalafe ku Fomu 2 anatiuza za yureniyamu. Akuti madzi a pansi amamusungunula, ndipo akafika pa miyala yakuda, ija yochokera ku mitengo yowola kalekale, amakakamira pomwepo. Mvula ndi mpweya zikakhudza mwalawo, pamwamba pamatuluka ufa wachikasu. Ine pompo ndinakumbukira amjomba (malume anga, amene anangokhala ku Joni miyezi yochepa koma amayankhula ngati migodi yonse anakumba okha).

Pa holide ndinatola miyala n'kuidetsa ndi makala. Anzathu othawa nkhondo ku Mozambiki amalandira ufa wa chimanga chachikasu, ndiye ndinapemphako pang'ono kwa amayi Rosa, oyandikana nafe. Ndinaunyowetsa n'kumata pamiyala ija.

"Amjomba, taonani zimene ndatola kuseri kwa nyumba. Kusukulu akuti..."

"Chete iwe! Sukulu ikudziwa chiyani? Walahi, uyu ndi yureniyamu weniweni. Ku Joni tinkamusenza m'matumba."

(Katswiri ameneyo! Mpaka ananunkhiza mwala umodzi, nati ukumveka fungo la mgodi.)

Apa m'pamene zinanditembenukira. "Wampeza pati? Tenga khasu!" Iwo khale pampando pansi pa mtengo wa mango, ine ndili kalikiliki kukumba. Tsiku loyamba dzenje linafika m'chiuno. Pofika tsiku lachitatu ndinkatulukamo ndi makwerero. Kuulula ndinkaopa chikoti, ndiye m'mawa uliwonse ndinkaponyamo mwala wina kuti asakayike. Iwo n'kumakuwa, "Ukuona? Tayandikira! Kumba!"

Kenaka anaitana anthu kudzaona chuma, nayala miyala ija pamphasa. Zoyamba kufika zinali nkhuku, ndipo zinayamba kujompha yureniyamu mosaopa. Amayi Rosa anatola mwala umodzi, anakanda ndi chikhadabo, n'kulawa.

"Achimwene, uwutu ndi ufa wanga. Mwanayu anati akufuna kuphika phala."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amjomba sanandimenye. Anangosuzumira m'dzenjemo, nati, "Ulikulitse, uyalepo mitengo, umange. Chimbudzi chathu chinadzadza kale."

Holide yonse inathera mmenemo, manja ali matuza okhaokha. Koma zoti ndalapa, iwalani. Ndikaona amjomba akulowera kuseri ndi kachitini ka madzi, ndimaima patali ndithu, poti chikoti sichingafike, n'kufunsa mwaulemu wonse: "Amjomba, kodi mukupita kumgodi?"