Msewu Wopanda Hutala

Usiku wapitawu a Lufeyo, akabaza a pa siteji ya Kampepuza aja, analota ali ku Falansa. Musaseke. Munthu woti kutali kwake ndi ku Balaka, nakonso anapitako kamodzi kumaliro, kukapezeka ku Falansa atavala nkhwaila, nsapato za matayala zija! Koma pali pomwe zinachokera. Miyezi itatu yapitayo lole inawakankhira kutchire atanyamula mayi Nangondo ogulitsa mbatatesi. Mayiwo mpaka lero akuyenda chotsimphina. Kuchipatala komwe a Lufeyo anagona ndi chikhakha kumwendo, pakhoma panali kalendala ya chithunzi cha ngalande yaikulu yodutsamo mabwato, mitengo itandanda uku ndi uku, azungu akupalasa njinga m'mphepete mwake. Namwino anawauza kuti kumeneko ndi ku Falansa, ndipo m'tinjira timeneto galimoto siloledwa. Mwendo unapola, koma njinga ili chipachikire kudenga. Dzulo a Gonthi, tcheyamani wa siteji, anawauza mosapsatira kuti, "Mawa m'mawa ndibwera mudzandiyankhe. Mukubwerera, kapena malo anu tipatse wina?" Munthu anagona ndi funso limenelo.

Ndiye anangoona ali pa njinga yawo yomwe ija ya khushoni yofiira, dzuwa lili phwee, kanjira kosalala ngati khonde lozira kumene. Kumanzere madzi ali phee, kumanja ng'ombe zoyera zonenepa zikudya popanda mbusa. Asananyamuke anachita zomwe achita kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anapendeketsa mutu n'kufunsa chakumbuyo kuti, "Mwakhazikika?"

"Kulibe munthu kuno, a Lufeyo," inayankha njinga. "Palasani."

"Ndipalase ndekha? Kupita kuti?"

"Kuno anthu amangopita basi."

Zoona, anthu ankangopita. Nkhalamba za imvi mbuu, mwamuna ndi mkazi wake aliyense njinga yake, zikwama zili lendelende m'mbali, opanda thumba la chimanga, opanda wodwala wothamangira naye kuchipatala. A Lufeyo zinawapweteka mumtima kuona mphamvu zikutayika chonchi. Anaimba belu n'kukuwa kuti, "Tiyeni mayi, siyani kuvutika, tikakutuleni!" Gogo wa chizungu uja anangomwetulira, n'kuwapatsa buledi wamtali ngati mzimbe. Ndiye buledi uja anadzikwerera yekha pakaliyala, n'kukhala chammbali ngati mzimayi wa chitenje.

"Nyamulani ine," anatero buledi. "Ine ndikagwa sindithyoka chiuno."

Mawu amenewo anawabaya, koma anangoyamba kupalasa.

Apa ndikuuzeni kanthu inu amene mumangokwera. Wakabaza sapalasa ndi miyendo yokha ayi, amapalasa ndi makutu. Galasi alibe. Lole amaimva ikadali kuseri kwa chitunda, amadziwa kuti iyi yalema, iyi ili pululu, iyi dalaivala wake ndi wopanda chisoni. Hutala ikangolira amatsika patala n'kulowa m'fumbi osacheuka, chifukwa ukacheuka uli ndi munthu kumbuyo njinga imapotoka. Ndiye taganizani munthu wotere mumuike mumsewu wa zii. A Lufeyo thukuta linayamba kutsika. Akapalasa pang'ono, msana unkawauza kuti chinachake chikubwera, iwo n'kukhotera muudzu. Kachitatu anakalowa m'munda wa mpendadzuwa, buledi ali m'mwamba.

Mpendadzuwa wonse unasiya dzuwa n'kutembenukira iwo, n'kuyamba kuwafunsa.

"Bambo, mukuthawa chiyani?"

"Lole."

"Mwaimva?"

"Ayi."

"Nanga mwathawiranji?"

"N'chifukwa chake ndathawa," anatero a Lufeyo, ndipo anadabwa okha ndi yankho lawolo.

Mwadzidzidzi anapezeka pa chipata cha madzi. Kumeneko ngalande zimakwera mapiri ngati masitepe: bwato limalowa pakati pa zitseko ziwiri, munthu n'kupukusa chitsulo, madzi n'kudzaza, bwato n'kukwera lokha. Wopukusa chitsuloyo anali bwana wa yunifolomu, kapusi ili pamphumi. Anatukula dzanja ngati wa pa rodibuloko, a Lufeyo n'kutsika msangamsanga, chipewa m'manja, n'kuyamba kupisa m'matumba kufuna khadi la siteji.

"Mapepala anu sungani," anatero bwana uja. Akuyankhula choncho khosi linkatalika, mphuno n'kusongoka, miyendo n'kuonda, mpaka anasanduka kakowa, koma kapusi osavula. "Pano timayendera makutu. Pendekekani."

Kakowa uja analowetsa mlomo wake m'khutu lamanzere la a Lufeyo ngati akufuna nkhupakupa. Anatulutsa kulira kwa tambala, n'kuika pansi. Anatulutsa mawu a akazi awo, Nasibeko, akuti "madzi osamba akuzizira," n'kuika pansi. Anakoka china chachitali chopindidwa bwinobwino ngati nsalu yosavalidwa, n'kuchitambasula paudzu. Inali hutala ya lole, yaitali, yoimbidwa katatu. Pansi pake panamatirira kamawu ka mayi Nangondo, kakuti, "Lole iyo! A Lufeyo, lole!"

"Katunduyu anafika," anatero kakowa, "koma mwini wake sanalandire."

"Bwana, dalaivala uja sanaimbe hutala. Kafunseni pa siteji, aliyense akudziwa."

"Aliyenseyo anamva kwa ndani?"

A Lufeyo anayang'ana pansi. Manyazi anawagwira, chifukwa nkhani ya dalaivala wosaimba hutala anaiyambitsa ndi iwo ali pabedi kuchipatala. Mayi Nangondo sankakumbuka kanthu za tsikulo, lole nayo sinaime, ndiye bodza linakula lopanda wolitsutsa. Kakowa sanawamange. Anangojompha kachule m'madzi, n'kuwauza kuti apitirize ulendo, kutsogolo kuli malo okongola.

Ndipo analidi okongola, abale. Ngalande inatha, kanjira n'kutsetserekera m'chigwa motsata njanji yakale yomwe anazulamo zitsulo. Minda ya mphesa inakwera mapiri m'mizere yowongoka kuposa ya alangizi. Panali kamudzi ka nyumba za miyala, tchalitchi pakati, belu lake likugwedezeka uku ndi uku. Ana a sukulu anawadutsa pa tinjinga tawo, pakamwa pali yasa ndi kuseka. Galu anawathamangira n'kumatsegula kukamwa ngati akuyasamula. Zonsezi zinkachitika mwa zii, ngati kanema wa pa sitolo magetsi a sipika atathima.

"Dziko lino ndi la anthu aulemu," anatero a Lufeyo. "Ngakhale galu sauwa."

"Dziko lino likusokosera," inayankha njinga. "Belu likulira, mbalame zikulongolola, galu uja watukwana mtundu wanu wonse. Ine tcheni changa chakhala chikulira chaka chathunthu, inu osathira oyilo. Ndinkati mwina mwandida."

"Nanga iwe ndikukumva bwanji?"

"Ine mumandimvera m'manja."

A Lufeyo analira. Inde, bambo wamkulu wa ndevu, misozi chuchuchu pakati pa minda ya azungu. Chomwe chinawaliza si khutu lokha ayi. Anakumbukira ana a sukulu amene amayi awo ankawakweza pakaliyala n'kunena kuti, "Ndi a Lufeyo awa, akafika bwino."

Ndiye njinga inalemera mwadzidzidzi, kulemera komwe msana wawo unakudziwa asanacheuke. Buledi uja kunalibe. Pakaliyala panali mayi Nangondo, dengu la mbatatesi lili pamiyendo.

"Mwakhazikika?" anafunsa a Lufeyo.

"Ndakhazikika. Tiyeni, kuno kulibe galimoto."

Anapalasa. Koma kupalasa kwake! Mwendo wothyoka uja unaiwala kuti unathyoka, mphepo ikulowa m'shati, mitengo ikudutsa umodziumodzi ngati ikupereka moni. Sanakhotere muudzu ngakhale kamodzi. Chibadwire sanamvepo kukoma kwa njinga chonchi, poti masiku onse theka la mtima linkakhala kumbuyo.

"Mayi, tiyeni tikhale konkuno," anatero. "Kuno ndinganyamule anthu mpaka mano atatha m'kamwa."

"Nanga mbatatesi zangazi agule ndani? Kakowa?" anaseka mayi Nangondo. "Ine kwathu ndi ku Kampepuza, bambo, ndipo msewu wa kwathu ndi wa malole. Kanditulenitu kumsika."

Atangotero, minda ya mphesa inasanduka milu ya kabichi, kanjira kaja n'kukathera patala lakuda lomwe a Lufeyo amalidziwa dzenje lililonse. Tayala lakutsogolo litangogunda tala, anamva nthaka ikunjenjemera m'mahandulo. Chinachake chachikulu chinkabwera kumbuyo, ndipo m'makutu munali zii. Anagwira mabuleki onse awiri, n'kuponda pansi.

"Tsikani, mayi."

"Sitinafike."

"Ndikudziwa. Tsikani."

Ngwe! Ngwe! Ngwe! A Lufeyo anadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, ndipo Nasibeko anali atagwada pambali pa mphasa akumenya kapu yachitsulo ndi sipuni pafupi ndi mutu wawo.

"Abambo, dzukani. A Gonthi ali pakhonde. Agogoda mpaka agalu a kwa aneba auwa."

A Lufeyo anakhala tsonga, n'kuyang'ana akazi awo.

"Nasibeko, hutala ija inalira."

Mayiyo anaika kapu pansi. "Ndikudziwa," anatero, atasendera kukhutu lamanja. "Chaka chatha tsopano ndikukuyankhulirani mbali ino. Ndimadikira kuti munene nokha."

"Kawauze a Gonthi malo aja apatse wina. Ukatero undipezere shati yochapa, ndikupita kwa mayi Nangondo."

"Ndikutsitsireni njinga?"

"Ayi. Ndiyenda wapansi."