Ufumu wa Katoni ya Sopo

Lolemba

Ndaganiza. Folomu 4 singamvetse buku ili poliwerenga. Mabuku alipo atatu, limodzi chiswe chinadya masamba omaliza, moti ana ena sakudziwa kuti mfumu yoipa imafa. Tichita sewero Loweruka, makolo adzaonere.

Nkhani yake njosavuta. Kale kwa Azungu, mfumu iphedwa ndi mwana wa mlongo wake. Wakuphayo alanda mpando. Mwana wobala wa mfumu athawa, abwerera, abwezera. Funso losasowa pamayeso: woyenera ufumu ndani? Yankho: mwana wobala. Pofika Loweruka aliyense aziyankha ngakhale ali m'tulo, apo ayi kalasi yonse igwa, ine pamwamba pake.

Zofunika:
chisoti (katoni ya sopo)
lupanga (Kondwani akuti kwawo kuli nkhafi yothyoka)
magazi (tomato wovunda)
mpando wa ahedi

Ahedi avomera, koma akuti, "Aphunzitsi, ndale ayi." Ndale zichokera kuti? Bukuli ndinalikhalira pansi kuyunivesite ine.

Lachiwiri

Kugawa mbali. Kondwani, amene chiyambire temu sanakwezepo mkono, wapempha yekha kukhala mwana wa mfumu. Ndamupatsa msanga asanasinthe maganizo. Wakupha ndi Jafali, nkhope yake ikulola.

Kenako Asiyatu, wa kutsogolo uja: "Aphunzitsi, wakuphayu si mwana wa mlongo wa mfumu? Ndiye walanda chiyani? Mpando ngwake kale. Wangofulumira."

Kalasi yonse: eeeh!

Ndikufotokoza kuti kwa Azungu ufumu umatsata bambo. Akundiyang'ana mwachisoni, ngati Azunguwo ndi abale anga osalangizidwa. Maprofesa onse aja, ndevu mpaka pachifuwa, palibe anatchulapo za atsibweni!

Lachitatu

Kalasi yang'ambika. Ana a kuno kwa Liwaladzi akuti mwana wa mlongo. Ana a asodzi ochokera kumpoto, mtsogoleri wawo Chirwa, akuti mwana wobala: "Ng'ombe zinapita kwa akazi, ana nga bambo!" Atsikana alengeza kuti iwo ndi mbumba, mfumu amasankha ndi amayi, choncho buku lonse nlolakwa poti palibe anawafunsa.

Zomwe tayeserera lero: palibe.
Tomato wayamba kudziwika.

Lachinayi

Matipate! Akufuna voti. Ndikuwauza kuti ufumu wa m'buku savotera, analemba kale, wolembayo anaola kalekale. Chirwa: "Aphunzitsi, nthawi yopondereza inatha."

Ine! Ine amene ndinataya nsapato pothawa apolisi tikuguba kukoleji, lero ndine wopondereza chifukwa cha katoni ya sopo!

Avota ndi nthangala za bwemba, m'zipewa ziwiri. Wakupha wapambana, ndipo kubera sikunachitike, ndayang'anira ndekha. Jafali wayankhula mothokoza, walonjeza mabuku.

Kondwani sanavote. Ali pakona, nkhafi pamiyendo, akuloweza mawu ake.

Lachisanu

Ahedi amva za voti. Mpando wawo autenga. Mfumu ikhala pandowa yozondotsa.

Amayi ogulitsa zitumbuwa pageti andikokera pambali. Bambo a Kondwani anamwalira chaka chatha. Bwato ndi ukonde anatenga ndi mwana wa mlongo wawo, monga mwa mwambo, palibe anadabwa. Kondwani anatsala ndi nkhafi yothyoka. Lupanga lathu lija. Ndipo msuweni wakeyo abwera mawa, nayenso ali ndi mwana pasukulu pano.

Ndamuitana Kondwani, ndati mwina tisinthe mbali, akhale msilikali. Akuti, "Ayi aphunzitsi, ndaloweza kale."

Zitumbuwa ndagula, kudya kwandikanika.

Loweruka

Makolo adzaza mpaka m'mawindo. Jafali alowa: nthungululu! Abaya mfumu, tomato thoo pamalaya a ahedi, bambo wina kumbuyo: "Pepani atsibweni, mwachedwa kufa!" Jafali akhala pandowa. M'manja.

Kondwani alowa ndi nkhafi. Amayi ena: "Iwe, pita kwa amako, kuno nkwa eni!" Kuseka. Ine ndabisala kuseri kwa bolodi ndi digiri yanga.

Kondwani sakuyang'ana Jafali. Akuyang'ana kumakolo, kwa msuweni wake uja, bambo wa chipewa choyera. Chingerezi chonse analoweza chija wachisiya. Mawu akumveka:

"Amene bambo ankamudzutsa kupita naye kunyanja ndine. Mpando tengani. Koma musamanene kuti ine ndine mlendo."



Jafali, mwana wabwino, waona kuti zafika pena. Wadzigwetsa yekha pandowa, wafa osabayidwa. Wa chipewa choyera wachivula, akuchipindapinda m'manja.

Ahedi, akupukuta tomato: "Munati ndale mulibe?"

Lamulungu

Bwato sabweza. Mwambo sugwa ndi sewero la Folomu 4. Koma amayi a zitumbuwa akuti msuweni watumiza mawu: paholide Kondwani azipita nawo kunyanja, nkhafi yabwino ilipo. Si ufumu, koma ndi pokhala.

Chisoti anatola Kondwani, sanabweze. Sindimufunsa.

Za mayeso ndagonja. Mawa ndiwauza: papepala lembani mwana wobala, pamaso pa atsibweni anu nenani mwana wa mlongo. Asiyatu akweza mkono, ndikudziwa, afunsa kuti choona nchiti.

Bwemba ndagula kale.