Ayisi wa Nsomba ndi Magazi a Mayi Esinala

Lolemba, 27 Okutobala

Ndabwera! Sabata yathunthu ya maphunziro ku Blantyre, satifiketi m'chikwama, mutu wodzaza. Dzulo minibasi itangotsika mapiri, malaya n'kumamatira kumsana. Ndafikadi kwathu.

Ntchito ikundidikira kale. Mayi Esinala a ku Ndamera, ali ku wodi ya amayi. Maso achikasu, m'manja muli mbee. Alandira mapainti awiri a magazi m'masabata awiri, lero ndayeza, atsikanso! Ngati kutungira madzi m'dengu. Malungo alibe. Sakutaya magazi paliponse. Adokotala akuganiza kuti asilikali a m'thupi mwawo agalukira mwini wake, akuphwanya magazi awo omwe pamodzi ndi amene tikuwapatsawo. Koma DAT, mayeso oona ngati asilikaliwo akakamira pa maselo ofiira, yatuluka kawiri kuti mulibe kanthu. Ndiye adokotala akukana kuyamba mapiritsi ofooketsa chitetezo popanda umboni. Sindikuwanena, munthuyo ndi wofooka kale.

Koma ine ndabwera ndi yankho! Asilikali ena amagwira mwaulesi. Ukatsuka magaziwo ndi madzi amchere ofunda, amataya, n'kupita ndi madzi, mayeso n'kunama. Ukatsuka ndi ozizira kwambiri, amakakamirabe, n'kugwidwa. Chinsinsi chonse ndi kuzizira basi.

Dongosolo:
1. Lero madzi amchere alowe m'firiji yaing'ono. Chigubu chake sichikukwana, ndathira m'mabotolo awiri apulasitiki.
2. Mawa mayeso.
3. Lachitatu mapiritsi ayambe.
4. Lachisanu, pamsonkhano wa m'mawa, ine kutsogolo kuphunzitsa chipatala chonse. Ndidzavala tayi wanga wabuluu.

Bambo Thole, mkulu wa labu yathu: "Njira za ku Blantyre zimafuna mphepo ya ku Blantyre, achimwene." Kaduka chabe. Iwo sanapite.

Mayi Esinala ndi a gulu O, salandira gulu lina. M'firiji ya magazi mwatsala paketi imodzi ya O. Inenso ndine O, koma zimenezo zithere m'buku muno. Zaka zisanu ndi zinayi ndikubaya anthu, koma singano ikaloza ine ndimafuna pothawira.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Mabotolo onse awiri ali gwa, opanda dontho! Ndatsegula firiji katatu kuona ngati maso akundinamiza.

Ndafufuza. A Jimu, oyendetsa ambulansi, anabweretsa machubu ochokera ku zipatala zazing'ono, anatsegula firiji kuti aike, anaona mabotolo akuchita thukuta. Amwa onse! Malita awiri a madzi otsukira magazi!

Ndawapeza pansi pa mtengo wa nimu, ali bwinobwino, akutsuka matayala. Ndafunsa ngati sanamve mchere. Iwo: "Mchere uti? Wa pamjigo wa kwathu ndiye mchere. Anuwa ndi otsekemera. Mawa muikenso."

Kuno botolo lozizira lilibe mwini, ndinaiwala.

Ndathira ena. Ndalembapo POIZONI ndi zilembo zazikulu, ndajambulapo chigaza. Bambo Thole akuti chigazacho chikufanana ndi ine. Madzi sazizira lero, firiji ikutsegulidwa ngati chitseko cha golosale.

Masana kwabwera mayi wina pawindo la labu, wamtali, mawu ngati wa pamsika. Ndi mayi Dolifa, akulu awo a wodwala uja, amagulitsa nsomba. "Adokotala, m'bale wanga akutha ngati sopo. Magazi mukumuthirawo akupita kuti?" Ndawauza kuti mawa tidziwa. Ndanena molimba mtima kwambiri, ndipo tsopano zikundivuta.

Lachitatu, 29 Okutobala

Madzi azizira! Chigaza chagwira ntchito. Ndathamanga ku wodi, ndatenga magazi, ndathira m'machubu, ndaika m'makina ozungulitsa, ndadina.

Magetsi phethe!

Jenereta ndi ya kuthiyeta kokha. Firiji ya magazi ili pa sola, yaing'onoyi ayi. Bambo Thole atulutsa m'kabati makina akale opukusa ndi dzanja, a nthawi ya makolo. Mkati mwake mavu anamanga nyumba. Ndatulutsa mavu, imodzi yandisiyira chizindikiro pakhosi.

Ndapukusa. Magaziwo amafunika kutsuka katatu, ulendo uliwonse kupukusa mpaka maselo akhale pansi. Ulendo woyamba botolo likuzizira. Wachiwiri lili ngati madzi a mumtsuko. Wachitatu ungasambitse nawo khanda! Thukuta langa ladontha pabenchi kuposa madzi amene ndagwiritsa ntchito.

Zotsatira: mulibe kanthu. Inde mulibe, ndatsuka ndi tiyi.

Bambo Thole angoimba kanyimbo ka kutchalitchi cha pansipansi, ndipo zandipweteka kuposa mavu.

Kenako cha m'ma 3 koloko namwino wa ku matenite akubwera chothamanga. Mayi wina wabereka, akutaya magazi. Gulu O. Paketi yomaliza ija yapita! Sindingadandaule, mayiyo wapulumuka, mwana ali bwino. Koma shelefu ya O ili pululu, ndipo ku Blantyre akuti galimoto ya magazi mwina sabata yamawa.

Ndadutsa ku wodi poweruka. Mayi Esinala akupuma ngati athamanga, chonsecho angogona. Ndachita mantha.

Lachinayi, 30 Okutobala

Ndaganiza bwino. Kuziziritsa madzi sikukwanira, machubu enieniwo ayenera kukhala m'kati mwa ayisi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ku Blantyre ananenadi zimenezo, ine ndinali kalikiliki kujambula chakudya.

Kosaka ayisi:
- kukhitchini ya chipatala: andiseka
- ku famase: ali ndi timapaketi ta katemera, akuti ndikakhudza andidula dzanja
- kumochale: sindinalowe n'komwe

Pageti pali mayi wogulitsa mafirizesi, timaphukusi toundana tokoma tija ana amayamwa. Ndatenga khumi. Otsala anali ofiira okhaokha. Ndawayala m'beseni, machubu pakati, ndikudzitama mumtima kuti nzeru zilipo.

Ndatembenuka kukatenga botolo. Awiri aphulika! Kaya ndi kutentha, kaya ndinawabaya ndi choikira machubu. Beseni lonse psuu, machubu akusambira, timapepala ta mayina tamatuka, madzi ofiira akutsikira pansi mpaka kuchitseko.

Ndi nthawi yomweyo imene Bambo Thole akulowa. Kukuwa kwake! "Magazi atayika! Aliyense panja!" Ndisanatsegule pakamwa athira kolorini ndowa yathunthu pabenchi, pamachubu, pa nsapato zanga. Atamva fungo la sitiroberi ndiye aima.

"Achimwene, satifiketi ija anakupatsani ndi ya zophikaphika?"

Magazi a mayi Esinala amene ndinatenga lero apita ndi kolorini. Munthu alibe magazi, ine ndikumatapa tsiku ndi tsiku n'kumataya. Manyazi andigwira mpaka sindinadutse ku wodi. Ndazungulira kuseri kwa ochapa zovala.

Lachisanu, 31 Okutobala

Tayi wabuluu ndavala ndithu. Kaya ndimaganiza chiyani.

Msonkhano usanayambe adokotala atiitana. Mayi Esinala sangadikire galimoto ya sabata yamawa, akufunika magazi lero. Tayeza abale. Amuna awo ndi B. Mayi Dolifa ndi O, koma awonso magazi ndi ochepa, sitingawachotse. Alira mokweza pakhonde.

Bambo Thole atsegula kabati, atulutsa kaundula wakale wa magulu a magazi a ogwira ntchito. Ndinaiwala kuti buku limenelo liliko! Chala chawo chikutsika, chikutsika, chaima. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ndinafuna kunena kuti ndili ndi chimfine. Mawu anafika pakhosi. Koma mayi Dolifa anali pawindo pomwepo, ndipo Lachiwiri lija ndinawalonjeza kuti tidziwa.

Ndayamba ndatenga kachubu kamodzi ka magazi a mayi Esinala asanalandire anga, ndakabisa m'firiji ya magazi. Kenako ndagona pabedi lija ndimagonekapo anthu ena n'kumawauza kuti sizipweteka. Bodza! Singano imeneyo ndi msomali! Ndikukumbuka paketi ikudzaza, Bambo Thole akuti "mwatha, dzukani pang'onopang'ono," ine n'kudzuka msanga kuti ndioneke mwamuna.

Ndatsitsimuka ndili pansi, miyendo ili pampando, tayi akundikupizira nayo mphepo. Ndipo msonkhano wa m'mawa unali utangotha kumene, ndiye onse anadutsira ku labu. Anamwino, adokotala, a Jimu. Chipatala chonse chandiona lero kutsogolo, monga ndinakonzera.

Magazi agwirizana, alowa masana. Agula masiku angapo chabe. Popanda umboni uja, nawonso aphwanyidwa ngati enawo.

Loweruka, 1 Novembala

Sindili pantchito lero, koma m'mawa kugogoda pakhomo. Mayi Dolifa, bokosi lalikulu labuluu pamutu.

"Ndamva kwa anamwino kuti sabata yonse mukulira ayisi. Bwanji osanena? Ife nsomba timapita nazo ku Blantyre ndi chiyani, ndi mapemphero?"

Atsegula. Chibuluma cha ayisi ngati mwala wa mphero, chokutidwa ndi utuchi ndi thumba! Anayenera kutengera nsomba za makakana lero, asiya ulendo. Masiku anayi munthu ameneyu wakhala ali pawindo langa, ine ndikusaka ayisi kumochale!

Tapita ku labu. Ndaswa ayisi ndi hamala, ndakwirira botolo, machubu, zonse, m'bokosi momwemo. Fungo la nsomba labu yonse. Magetsi kulibe, ndiye wopukusa ndi Bambo Thole, amene anangobwera kudzatenga chipewa chawo. Dzanja langa lobayidwa lija silikukwera. Kupukusa pang'ono, kubwezera mu ayisi, kupukusa, kubwezera. Timachubu tiwiri: ka mayi Esinala kaja, ndi ka magazi anga kuti tiyerekeze.

Ndadonthezera mankhwala oyezera. Tapukusa komaliza. Ndagwedeza pang'onopang'ono pawindo.

Anga asungunuka bwinobwino, mulibe kanthu, magazi wamba. A mayi Esinala agwirana timibulu timibulu ngati mchenga wonyowa! Asilikali aja alipo! Akhala alipo nthawi yonseyi!

Ndabwereza kawiri. Chimodzimodzi. Bambo Thole avula magalasi, avalanso. "Hee. Ndiye zimathekadi."

Adokotala abwera ndi njinga yamoto, ayang'ana okha m'chubu, alemba mapiritsi pomwepo. Ayamba lero.

Lamulungu, 2 Novembala

Ndapita ku wodi nditatuluka m'tchalitchi. Mayi Esinala akhala tsonga, akudya mango, akukangana ndi akulu awo za mpango. Adokotala akuti mphamvu ya mapiritsi tiiona pakapita masiku, koma tsopano tikudziwa chimene tikulimbana nacho, ndipo sitikhalanso tikuthira magazi m'dengu.

Ndinakonzeka kufotokoza za asilikali ogwira mwaulesi ndi madzi ozizira. Ndangoyamba, mayi Esinala andigwira dzanja lobayidwa lomwelo, n'kundithokoza m'chilankhulo cha kuno. "Takhuta, mwananga, takhuta maningi. Mapainti awiri a anthu ena sanachite kanthu. Anu okhawa, tsiku limodzi ndadzuka. Magazi anu ndi amphamvu!"

Ndati ayi mayi, ndawayeza ndekha dzulo, ndi magazi wamba, chimene chathandiza ndi mayeso. Wodi yonse yaseka. Akuti ndine wodzichepetsa.

Zimene sabata ino yandisiyira:
- dzina latsopano, "a labu okomoka aja"
- nsapato zoyera mbali imodzi
- labu yonunkha makakana
- abambo awiri amene andidikirira pageti, ali ndi odwala awo, akufuna magazi anga enieniwo, osati a m'firiji

Phunziro langa lija akuti mwina mwezi wamawa, ngati papezeke mpata. Bambo Thole alemba njira yatsopanoyi papepala, amata pakhoma. Mzere woyamba: "Pezani mayi Dolifa." Ndipo pakalendala, miyezi itatu kuchokera Lachisanu, azunguliza tsiku ndi cholembera chofiira, alembapo dzina langa ndi chilembo O.

Sindinafufute. Bokosi ndatsuka, ndikabweza mawa ndisanalowe ntchito. Potuluka mu wodi mayi Esinala anauza amuna awo kuti andiperekeze mpaka panja, akuti m'bale wawo wa magaziyu sachedwa kugwa.