Chipinda Changa Chopanda Zenera

Chaka cha 1958 ndinataya zinthu izi: mkazi wanga Esitere, m'mwezi wa Febuluwale, ntchito ya uphunzitsi, m'mwezi wa Epulo, tulo, mbale zisanu ndi zinayi za galamafoni, ndi ulemu wanga pamaso pa apongozi anga. Ndifotokoza ziwiri zomalizazi, poti ndi zokhazo zimene ndimatha kuzifotokoza.

Ntchito sanandichotse. Ndinkangoima kutsogolo kwa ana, choko chili m'manja, osakumbukira chimene ndimafuna kulemba. Akulu a sukulu anandikomera mtima, nalemba m'kalata kuti ndapuma pa ntchito. Ndinali ndisanakwanitse zaka makumi atatu. (Anzanga amapuma ali ndi imvi ndi ndodo. Ine ndinapuma ndili ndi mano onse.) Ndinabwerera kumudzi kwa Esitere, pafupi ndi Mkaika, kumene ndinali mkamwini. Kwathu kwenikweni ndi ku Sinda.

Mkamwini wofedwa sakhala ndi pokhazikika. Maliro akatha, abale a mkazi amadikira kanthawi, kenako amakusudzula: amati zikomo, munatisungira mwana wathu, bwererani kwanu mukayambe moyo wina. Ana amatsala, chifukwa ndi a mbumba ya kuchikazi. Ife tinali ndi mwana mmodzi, Tisa, wa chaka ndi theka. A Gelesomu, atsibweni a Esitere, amene anali mwini mbumba, sanandibisire.

"Aphunzitsi, tikuonani mpaka mvula yoyamba. Mukakhala munthu pakati pathu, khalani, mulere mwana wanu. Mukapanda kutero, sitikusungani."

Munthu wanzeru akanatenga khasu tsiku lomwelo. Ine ndinaganiza zomanga chipinda chomveramo nyimbo.

Ndinali ndi galamafoni yabwino. Osati zija zonyamula ngati sutikesi zimene amabwera nazo anthu ochokera ku migodi, koma yaitali kufika m'chiuno, ya matabwa opala bwino, yokhala ndi tizitseko tiwiri kutsogolo kotulukira mawu. Ndinaigula kwa mzungu wina wolima fodya amene ankagulitsa katundu wake ku Fort Jameson pobwerera kwawo, pamodzi ndi mbale khumi ndi zinayi. Kumudzi inafika pa ngolo, yokutidwa ndi mabulangete ngati wodwala. Esitere ankakonda mbale imodzi yokha, ya mayi wina woimba m'chinenero chimene tonse awiri sitinkachimva, ndipo sanaimvepo mpaka kumapeto. Tikangoika singano, tambala alira, mbuzi ilowa m'nyumba, kapena anansi adzaza pakhonde n'kuyamba kufunsa ngati ilipo ina ya gitala.

Ku koleji ndinawerenga m'buku lina kuti mawu amanjanja pa khoma losalala ngati mpira, ndipo kuti wofuna kumva nyimbo bwino afewetse makoma ndi kutseka mipata yonse. Bukulo linalembedwa kudziko lozizira. Mfundo imeneyi ndinaiona mochedwa.

A Gelesomu anali mmisiri wa njerwa, ndiye ndinawapempha kuti andimangire kachipinda kuseri kwa nyumba. Ndinawajambulira papepala, ndi rula. Analitembenuza pepalalo kawiri.

"Zenera lili pati?"

"Palibe. Zenera limalowetsa phokoso."

"Limalowetsanso mphepo, aphunzitsi. Ine ndamangapo zinthu ziwiri zopanda zenera, uvuni wa buledi ndi balani ya fodya. Inu mukufuna kudziphika kapena kudziumitsa?"

Ndinawafotokozera za mpira uja. Anamvetsera mwaulemu, monga amamvetserera munthu amene wangotuluka kumene m'malungo, kenako anamanga. Makoma anali a njerwa ziwiri kunenepa kwake. Zotsalazo ndinachita ndekha. Ndinasonkhanitsa masaka akale, n'kuwadzaza ndi thonje lakuda limene linakanidwa kumsika, ndipo thonje litatha ndinawonjezera makoko a mtedza. Ndinawasoka ndili pansi pa mtengo wa mango, amayi akudutsa ndi mitsuko n'kumatsokomola. Masakawo ndinawapachika m'mizere pa chingwe cha khonje kuchokera kudenga mpaka pansi. Chitseko nachonso ndinachiveka masaka, ndi kuchiikira mpiringidzo mkati. Ntchito yonseyi inanditengera miyezi iwiri. Munda wa Esitere unali chikhalire wosasosa, ndipo Tisa ankagona kwa agogo ake.

Agogo akewo ndiwo apongozi anga, Anabanda. Zaka zinayi za ukwati sindinawayang'anepo kumaso, ndipo iwonso sanandiyang'anepo, monga mwambo ufunira. Tikakumana panjira, woyamba kuona mnzake ankapatukira m'thengo. (Kawirikawiri ndinali ine, ndipo miyendo yanga ikudziwa chitedze chonse cha ku Mkaika.) Akafuna kundiuza kanthu ankatuma Esitere. Esitere atapita, tinalibe wotuma. Chakudya ankangosiya pakhonde, ine n'kubweza mbale zotsuka pamalo pomwepo.

Ndivomere kuti tsiku loyamba chipindacho chinandipatsa chimene ndinkafuna. Ndinayatsa nyali, ndinatseka chitseko, mudzi wonse unazima. Ndinapukusa galamafoni maulendo makumi atatu, ndinaika singano yatsopano, ndinakhala pa mpando umene ndinauyezera ndi choko, mapazi atatu kuchokera pa tizitseko tija. Ndinamva mayi uja akukoka mpweya asanayambe kuimba. Sindinkadziwa kuti mbale imasunga ndi mpweya womwe. Nyimboyo inafika kumapeto popanda wosokoneza. Imatha ndi liwu limodzi lalitali, lonka lichepa. Ndinakhala kanthawi osadzuka. Mawa lake ndinabweranso, ndi mkuja wake.

Kenako kunayamba kutentha. Mu Seputembala ndinavula jekete. Sabata yotsatira ndinavula tayi. (Inde, ndinkavala tayi pomvera nyimbo. Musandifunse.) Pofika Okutobala ndinkalowa, kutseka mpiringidzo, kupinda zovala zanga bwinobwino pakona, n'kutsala ndi kabudula wamkati yekha. Nyali ya parafini inkathandizana ndi dzuwa. Nawonso makoswe anazindikira kuti m'makoko muja munatsalira mtedza wina, ndipo thonje ndi pogona pabwino. Apa chipinda chinaonetsa luso lake lonse: ndinkatha kumva khoswe aliyense payekha, ndi mbali ya khoma imene ali. Poopa kuti angadye mapepala okutira mbale, ndinazichotsa kukhoma n'kuziunjika pa kampando kena pakati pa chipinda, kumbuyo kwa mpando wanga.

Tsikulo linali Lachitatu. Amuna onse a m'mudzi anapita kukafolera tchalitchi mvula isanagwe, ndipo ine ndinati mutu ukundipweteka. Ndinalowa m'chipinda changa m'mawa, osaona phala limene linali pakhonde. Zimene zinkachitika kunja ndinazimva pambuyo pake. Masana apongozi anapeza phala lija lili chikhalire, ntchentche zikuliyendera. Anapita kuseri kwa nyumba, anaima patali, anati odi. Anatinso odi. Akuti anaitana mpaka amayi a kuchitsime anamva. Pansi pa chitseko pankatuluka fungo la parafini. Ndipo masiku apitawo anali atandiona ndikulowa m'menemo ndi chingwe chatsopano cha khonje, cholowa m'malo mwa chimene makoswe anadula. Mkamwini wofedwa, wosadya, wodzitsekera, ndi chingwe. Sanafunse munthu. Anatenga musi.

Kugunda koyamba ndinati khoswe wina wakula. Kwachiwiri ndinaganiza kuti chavuta ndi chitsulo cha mkati mwa galamafoni, ndiye ndinadzuka n'kuwerama, khutu pa thabwa. Kwachitatu mpiringidzo unathyoka, chitseko chinagwera mkati, ndipo dzuwa la masana linandipeza ndili chiweramire, msana kukhomo, m'kabudula amene Esitere anamusoka zigamba ziwiri.

Ndinatembenuka. Pakhomo panali apongozi, musi m'manja, Tisa ali kumbuyo. Tinayang'anana kumaso. Ndinaona koyamba kuti Esitere anatengera mphumi kwa iwo.

Mwambo umati wina apatuke. Koma m'chipinda cha khomo limodzi mulibe thengo, ndipo pakhomopo panali iwo. Ndinagwira saka loyandikira kuti ndidziphimbe. Sakalo linali pa chingwe chimodzi ndi anzake, ndipo mzere wonse unatsika. Masaka ena anang'ambika. Thonje ndi makoko zinandithirikira kumutu, n'kumatirira pa thukuta thupi lonse, mpaka ndinafanana ndi nkhuku imene wosasola wasiyira pakati. Makoswe awiri anadutsa pamapazi anga, natuluka mwaulemu m'mbali mwa apongozi. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndibisale kuseri kwa mpando, mwendo unakodwa m'chingwe, ndipo ndinakhala pansi mwamphamvu pa kampando kaja.

Mbale za galamafoni zikamasweka sizilira kwambiri. Zimangoti phwanyu, ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga m'chipinda china.

Apongozi anaika musi pansi. Anatembenuka, nakhala pachiwundo, msana kwa ine. Ine ndinadzikulunga m'saka, nanenso n'kuyang'ana kukhoma. Kenako anayankhula, osati kwa ine, koma kwa mwana amene anali m'tulo kumbuyo kwawo.

"Tisa, uwauze atate ako kuti ine ndaika kale mwana mmodzi chaka chino. Mphamvu zolira wina ndilibe."

Ndinameza thonje limene linali pakamwa.

"Tisa, uwauze agogo ako kuti chingwe chinali cha masaka."

"Uwauze kuti munthu wamoyo amayankha odi."

"Uwauze kuti sindinamve. Makoma ndi ofewa."

"Uwauze kuti si makoma okha."

Tisa sanadzuke. Nthawi yonseyi galamafoni inali ikuimbabe, chifukwa mbale ya Esitere ndiyo inali pamwamba pake, ndipo ndicho chifukwa chake inapulumuka. Koma mphamvu inali kutha, ndipo mawu a mayi uja anayamba kutsika ndi kukokeka mpaka anasanduka a ng'ombe yamphongo. Apongozi anapendeketsa mutu.

"Tisa, si nyimbo ya amako ija iyi? Uwauze atate ako aipukuse, ikufa."

Ndinayenda chammbali ngati nkhanu, dzanja lina litagwira saka, lina likupukusa. Ndinabweza singano poyambira. Tinamvera nyimboyo tonse atatu, misana itapenyana. Pakati pake tambala analira, ndipo kunja ndinamva amayi a kuchitsime atafika, akufunsana ngati ayambe kulira kapena adikire. Liwu lomaliza lija linabwera, linachepa, linatha.

"Imathera pomwepa?" Funso limeneli sanalipatse Tisa.

"Pomwepa, amayi."

"Yaifupi."

Anadzuka, anatola musi wawo, anapita.

A Gelesomu anabwera madzulo, dzuwa lisanalowe, udzu wa kutchalitchi ukadali m'tsitsi. Ndinali nditasamba ndi kuvala, koma thonje lina linali likadali m'makutu. Anayendera chipinda chonse, anatola chidutswa cha mbale, anachiyang'ana mbali zonse ziwiri. Ankayesetsa kuti asaseke, ndipo mapewa awo ankavutika nazo.

"Aphunzitsi, nkhani yanu yatha. Sitidikiranso mvula."

Ndinayang'ana kunyumba kwa apongozi, kumene Tisa ankasewera ndi chitsononkho pabwalo. Ndinafunsa kuti ndinyamuke liti.

"Simunyamuka. Mlongo wanga wakana. Akuti munthu wotere tikamubweza ku Sinda, abale ake ati tamuwononga ndife. Akuti mukhale pano pamene tikukuonani, mpaka mudzachire. Koma mpiringidzo ayi. Khasu inde. Mwana azigona kwa atate ake. Ndipo mawa ndikubwera ndi nyundo."

Choncho ndinatsala m'mudzi muno, osati chifukwa ndinakhoza mayeso, koma chifukwa ndinalephera moti sakanatha kundionetsa kwa anthu ena. Zenera limene a Gelesomu anaboola ndi lalikulu moti mbuzi imalowa osawerama. Masaka tinawotcha. Mbale zinatsala zisanu, ndipo Lamulungu tikaweruka kutchalitchi anthu amakhala pansi pa zenera n'kumapempha ya gitala. Za gitala zonse ndinazikhalira. Apongozi amakhala patali, pansi pa mango, msana kuno, ndipo akafuna nyimbo ija amatuma Tisa, amene tsopano amayankhula ndipo amawonjezera zake. Panjira timapatukabe, ngakhale kuti ndikamalowa m'thengo ndimamva ngati akutsokomola.

Sindinganene kuti ndinaphunzira zonse. Mwezi watha ndinayeza zeneralo ndi rula, kungofuna kudziwa kukula kwa thabwa limene lingakwanepo. Pepala limene ndinalembapo miyesoyo lili m'thumba la jekete.

Tsiku limene ankaboola khoma, a Gelesomu anandifunsa ngati Esitere anasiya mawu. Ndinati ayi, anali atatopa. Ndinanama, chifukwa ndinali nditaima pakati pa njerwa zimene ndinatha miyezi iwiri ndikumangira zosemphana ndi mawuwo. Kuchipatala ku Katete, m'mawa wa tsiku lomaliza, ndinali ndikuwongola m'mphepete mwa bulangete lake kachitatu, poti ndinalibe china chochita ndi manja anga. Anandigwira pamkono kuti ndileke. Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndikamafotokoza za m'mabuku, ndipo anati:

"Inu, musakakhale nokha. Simumatha."